Mtumwi amene amayang'anira abusa athu, iyeyo amayankha kwa yani?

Nankhoma wa ku Chikanda:

Moni nonse. Ndine msungichuma wa kampingo kena kuno ku Chikanda, ndipo ndili ndi funso limene landisowetsa tulo. Dzina la mpingo sinditchula, la abusa sinditchulanso, chifukwa sindinabwere kudzawayalutsa. Abusawa ndimawakonda. Mwamuna wanga atamwalira ku chipatala, ndi iwo anathamanga usiku kukafuna galimoto yonyamula thupi, ndipo anachezera nafe pamaliro mpaka tsiku loika. Ndiye amene ati andiyankhe adziwe kuti ndikulemba ndi mtima wosweka, osati wodana ndi munthu.

Mpingo wathu unayamba ngati feloshipu ya madzulo m'kalasi yobwereka. Abusa anali mumpingo wina waukulu wachipentekoste, koma anatulukamo atakana kusamutsidwa, ife n'kuwatsatira. Tinakhala tokha kanthawi. Kenaka tsiku lina anatiuza kuti mpingo suyenera kukhala wamasiye, ndiye apeza bambo wauzimu, mtumwi wa ku Blantyre yemwe akuti ali ndi nthambi mpaka ku Joni, ndipo kuyambira tsiku limenelo tili pansi pa chophimba chake. Amayi tinaimba nthungululu. Ine mumtima ndinati zikomo Ambuye, tsopano tili ndi wamkulu woti zikavuta tikamugogodere.

Koma taonani mmene kuyang'anirako kukuyendera. Mwezi uliwonse ndimachotsa chakhumi cha zopereka zonse n'kutumiza pa Airtel Money ku nambala ya atumwiwo, nambala yawoyawo, osati ya ofesi. Akamabwera ku chitsitsimutso timasonkha za mafuta a galimoto, za chipinda ku loji, za envelopu yowathokoza, amayi n'kuphika nkhuku ndi mpunga wa ku Chilwa. Amatsika m'galimoto anyamata atawanyamulira Baibulo ndi botolo la madzi, amalalikira, amapempherera odwala, n'kubwerera m'galimoto. Kulalikira amatha, sindinama. Koma sanapemphepo kuona kope langa la ndalama. Sanakhalepo pansi ndi akulu a mpingo kuwafunsa kuti abusa akukhala nanu bwanji. Nkhope yanga saidziwa, chonsecho dzina langa limawafikira pa foni mwezi ndi mwezi.

Pamene zafika povuta ndi pa ndalama za malata a tchalitchi chimene tikumanga. Tinachita pepa sande. Amayi ogulitsa tomato ndi usipa pa Mpondabwino anapereka, ana a ku Chanco amene amapemphera nafe anapereka za ndiwo zawo. Ndalamazo tinawerenga tilipo anthu atatu, tinalemba m'kope, n'kupereka kwa abusa chifukwa akaunti ya kubanki ili m'dzina lawo. Makoma anatha kalekale, langotsala denga. Dzinja linadutsa, lina lafikanso, tikupempherabe pansi pa malona. Kalata ya ploti nayonso ili m'dzina la abusa.

Mkulu wa mpingo mmodzi, bambo wofatsa wopala matabwa, anafunsa mwaulemu pa msonkhano wa akulu kuti malatawo agulidwa liti. Lamulungu lotsatira ulaliki unali wa Kora, Datani ndi Abiramu amene nthaka inawameza, ndi vesi lija la Masalimo 105:15 loti musakhudze odzozedwa anga. Sabata isanathe anauzidwa kuti atumwi alamula pa foni kuti atule pansi ukulu wa mpingo chifukwa ali ndi mzimu woukira. Atumwiwo sanamuimbire mwiniwakeyo kuti amve mbali yake.

Ndiye ndithandizeni inu odziwa Malemba. Mtumwi akati akuyang'anira mpingo, ntchito yake kwenikweni n'chiyani? Kulandira chakhumi ndi kudzalalikira basi? Ndipo iyeyo amayankha kwa yani? Nanga ine mayi wamasiye wogwira kope, ndikamafunsa chonchi ndikuchimwira Mulungu? Amayi ayamba kundiyang'ana ndi diso lina pamsika, ena akunong'onezana kuti ndalama zija ndinadya ndine.

Mphunzitsi wopuma, Domasi:

Mayi Nankhoma, pepani kwambiri. Ndiyambe ndi funso lanu lomaliza chifukwa ndi limene likukudyani. Simukuchimwa ayi. Msungichuma amene safunsa kumene ndalama zapita ndiye wataya ntchito imene anamupatsa.

Tsegulani 2 Akorinto 8, muwerenge kuyambira vesi 18 mpaka 21. Paulo ankasonkhetsa ndalama m'mipingo ya ku Makedoniya ndi ku Akaya zothandizira osauka a ku Yerusalemu. Uyu ndi mtumwi weniweni, wokumana ndi Ambuye panjira ya ku Damasiko. Koma thumba sananyamule yekha. Mipingo inasankha m'bale woti ayende naye, ndipo Paulo akulongosola chifukwa chake: safuna kuti wina apeze powanenera pa mphatso yaikuluyo, akufuna zinthu zikhale zolongosoka pamaso pa Ambuye komanso pamaso pa anthu. Sananene kuti Mulungu akuona mtima wanga ndiye inu khalani chete. Pa 1 Akorinto 16:3 akuwauzanso Akorinto kuti asankhe okha anthu okapereka ndalamazo.

Funso loti mtumwi amayankha kwa yani, Malemba sanalisiye. Paulo ndi Barnaba sanangodzuka n'kunyamuka. Mpingo wa ku Antiokeya ndi umene unawasanjika manja pa Machitidwe 13, ndipo atazungulira anabwerera komweko, n'kusonkhanitsa mpingo, n'kufotokoza zonse zimene zinachitika. Ili pa 14:27. Itabuka nkhani ya mdulidwe Paulo sanagamule yekha, anapita ku Yerusalemu kukakhala pansi ndi atumwi anzake ndi akulu, Machitidwe 15. Petro mwiniwake atayamba kupewa kudya ndi akhristu a mitundu ina, Paulo anamudzudzula pamaso pa onse, Agalatiya 2:11-14. Ndani anganene kuti Petro sanali wodzozedwa?

Za bambo wopala matabwayo zandiwawa. 1 Timoteo 5:19 imati mlandu wa mkulu wa mpingo usalandiridwe popanda mboni ziwiri kapena zitatu. Lamulo limeneli limateteza abusa anu kwa amiseche, koma limatetezanso bamboyo, pakuti nayenso ndi mkulu. Kumuchotsa pa foni osamumva n'kuswa vesi limeneli. Vesi 20 ikupitiriza kuti ochimwawo adzudzulidwe pamaso pa onse, kusonyeza kuti mtsogoleri angathe kuimbidwa mlandu ndipo njira yake ilipo. Mu 3 Yohane muli munthu dzina lake Diotrefe, wokonda kukhala woyamba, amene ankatulutsa abale mumpingo. Yohane sanamuikire kumbuyo. Anati akadzabwera adzaulula zimene munthuyo akuchita. Woyang'anira amatero, amafika pamalopo, amamva mbali zonse, n'kukonza.

Ine ndine mkulu wa mpingo mu CCAP, Sinodi ya Blantyre, kuno ku Domasi kumene amishoni a ku Scotland anatsegula mishoni mu 1884. Kwathu m'busa salamulira yekha. Amakhala m'bwalo la seshoni ndi akulu osankhidwa ndi akhristu, pamwamba pali presbytery, pamwamba pake sinodi. Amene amatumiza m'busa pa mpingo ndi sinodi, ndipo ingathe kumusamutsa kapena kumuimitsa. Akamachoka amanyamula katundu wa m'nyumba mwake yekha. Tchalitchi ndi nyumba ya abusa zimatsala, chifukwa sizinalembedwe m'dzina lake. Zopereka zimawerengedwa ndi anthu angapo ndipo lipoti limanenedwa poyera.

Sindikunena kuti kwathu kuli angelo. CCAP inapangidwa mu 1924 atagwirizana a Livingstonia ndi a Blantyre, a Nkhoma n'kulowa mu 1926, komabe mkangano wa malire pakati pa Livingstonia ndi Nkhoma watha zaka zambirimbiri, bwalo lalikulu la masinodi onse osatha kuuthetsa. Ndaonaponso seshoni ikuchita mantha ndi m'busa waukali, kapena ndi mkhristu wolemera amene anagula simenti ya tchalitchi. Koma poti n'kukadandaula palipo, ndipo amene mwakamudandaulirayo nayenso ali ndi omufunsa. Atumwi anuwo muwayese ndi mafunso awiri. Kodi angathe kuimitsa abusa anu atapezeka olakwa, ngakhale zitatanthauza kuti chakhumi chisiya kubwera? Nanga iwowo atalakwa, ndi bwalo liti lingawaimitse? Afunseni akutchulireni maina.

Mwana wa Mfumu:

Amayi, samalani. Nkhani za m'nyumba ya Mulungu sizibwera pa intaneti. Aheberi 13:17 akuti mverani atsogoleri anu. Inu munapereka kwa Mulungu, osati kwa abusa, ndiye ngati adya adzayankha okha tsiku lomaliza. Miriamu anachita khate chifukwa chonena Mose. Davide anakana kupha Sauli ngakhale Sauliyo anali wolakwa. Ndikukuuzani mwachikondi, tulani nkhaniyi m'pemphero, musale kudya, musiye kufufuza. Mipingo yakale ili ndi mabwalo ambiri koma ambirife tinatulukamo chifukwa tinkafuna moto wa Mzimu, osati misonkhano.

M'busa wa ku Thondwe:

Achimwene a Mwana wa Mfumu, ine ndine wachipentekoste ngati inu. Ndimalankhula malilime, ndimakwera phiri kukapemphera, ndiye mundimve ngati wakwanu. Vesi la Aheberi limenelo mwalidula pakati. Likuti mverani atsogoleri chifukwa amalondera miyoyo yanu monga anthu amene adzayankhe mlandu. Davide anakanadi kumubaya Sauli, koma werengani 1 Samueli 24 yense. Atatuluka m'phanga anafuula kwa Sauli n'kumuuza maso ndi maso kuti mukundisaka popanda chifukwa. Davide yemweyo atakhala mfumu yodzozedwa, Natani analowa m'nyumba mwake n'kumuuza kuti munthuyo ndinu. Ndipo Masalimo 105:15 mukawerenga mavesi a m'mbuyo mwake akunena za Abrahamu, Isake ndi Yakobo akuyendayenda ali ochepa m'dziko la eni, Mulungu n'kuchenjeza mafumu kuti asawapweteke. Palibe pamene akuletsa msungichuma kufunsa za malata.

Bambo a ku Domasi, zikomo, mwatiphunzitsa. Ndiwonjezepo pamodzi, poopa kuti owerenga angaganize kuti dongosolo lili m'mipingo ya amishoni mokha. Tengani Assemblies of God. Dr Lazarus Chakwera anautsogolera kuyambira 1989 mpaka 2013, atachoka kupita ku ndale mpingo unasankha wina, ndipo matchalitchi ake ali pomwepo mpaka lero. Mpingo umene si katundu wa munthu umatero. Ine ndimakhulupirira kuti mautumiki a pa Aefeso 4:11 alipobe lero, wa utumwi womwe. Chimene chaononga n'chakuti abusa ambiri amatuluka m'mipingo yawo pothawa kufunsidwa, kenaka n'kukadzisankhira bambo wauzimu amene akudziwa kuti sadzawafunsa kanthu. M'busa amapereka chakhumi, mtumwi amapereka dzina ndi chithunzi choika pa positala, nkhani yathera pompo. Woyang'anira wotere sangadzudzule, chifukwa akangodzudzula, m'busayo sabata yamawa asamukira kwa mtumwi wina, chakhumi n'kupita naye.

Ndikuuzeni mmene amachitira bambo amene amandiyang'anira ine. Ndi achikulire, galimoto alibe, amabwera pa minibasi n'kutsika pamsika pa Thondwe. Amagona m'nyumba mwanga, m'chipinda cha ana. Asanakwere pa guwa amaitanitsa makope a ndalama. Kenaka amati abusa takayendani kaye, n'kutsala ndi akulu a mpingo okhaokha. Akatha amakhala ndi amayi, akathanso amaitana mayi busa pamodzi ndi mayi wina wachikulire, kuwafunsa za m'banja ine kulibe. Zimene amva amandiuza madzulo, zina zowawa ndithu. Iwonso ali ndi bwalo la abusa anzawo limene limawasankha pa nyengo yoikika ndipo lingathe kuwatsitsa. Ine ndimagona tulo tabwino podziwa kuti tsiku limene ndidzayambe kusokonekera, pali munthu amene adzaone msanga mpingo usanapweteke.

Kuyesa atumwi sikunayambe lero. Pa Chivumbulutso 2:2 Ambuye akuyamikira mpingo wa ku Efeso chifukwa unayesa odzitcha atumwi n'kuwapeza onama. Tili ku sukulu ya ubusa tinawerenga kabuku ka akhristu oyambirira kotchedwa Didache. Kamati mtumwi woyendayenda alandiridwe tsiku limodzi kapena awiri, akakhala atatu ndi wonyenga, ndipo pochoka atenge chakudya cha panjira chokha, akapempha ndalama ndi mneneri wonama. Paulo potsazikana ndi akulu a ku Efeso pa Mileto, Machitidwe 20:33-34, anati sanasirire siliva, golide kapena chovala cha munthu, manja ake ndi amene anamudyetsa iye ndi anzake. Wantchito ayenera malipiro ake, sindikutsutsa, inenso mpingo ndi umene umandidyetsa. Koma malipirowo azidziwika kuchuluka kwake, bwalo liwavomereze, ndipo azilembedwa.

Nankhoma wa ku Chikanda:

Zikomo nonse, ngakhale inu achimwene amene mwandichenjeza, ndamva kuti mukundifunira zabwino. Kupemphera ndikupemphera, kusala ndasala. Koma amayi a pa Mpondabwino akandifunsa za malata sindingawayankhe kuti adzamva tsiku lomaliza. Ku banki m'khonde kwathu bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi amayi atatu osiyana, ndipo bokosilo limagona kwa wachinayi amene alibe kiyi. Palibe amene amakwiya kuti mukundiyesa wakuba. Tonse timadziwa kuti njala ikafika mu Januwale ngakhale munthu wabwino amayesedwa. Chimandizunguza mutu n'chakuti ndalama za Mulungu tikuzisunga motayirira kuposa pamenepo.

Abusa a ku Thondwe, mawu anu aja oti mpingo usanapweteke andigwira mtima. Ine sindikhulupirira kuti abusa athu anakhala pansi n'kukonza zoba. Ndikuona ngati anabwereka ndalamazo pa vuto lina, mwina fizi ya ana, mwina zokonzera chitsitsimutso cha atumwi chija, akuti adzabweza, kenaka ngongole inakula ndipo manyazi awagwira. Pakanakhala munthu wowafunsa mwezi woyamba womwe, bwenzi lero akuyenda momasuka. Atumwiwo awagwiritsa mwala abusa athu, osati ife tokha. Tsono ndipite kwa yani? Ndiwaimbire atumwi ndekha, ine mayi, kudumpha abusa?

Mayi wa mphakati, Sadzi:

Achemwali, musaimbe nokha. Foni ya munthu mmodzi amaikana mosavuta, ndipo mawa mudzamva kuti inunso muli ndi mzimu woukira.

Ine ndine Mkatolika. Ife timakhulupirira kuti maepiskopi ndi olowa m'malo mwa atumwi, posanjikana manja kuchokera kalelo. Koma ndi ulemu wonsewo, episkopi sadziika yekha, amasankhidwa ndi Papa. Zaka 5 zilizonse ayenera kupereka lipoti la dayosizi yake ku Roma, ndipo akakwanitsa zaka 75 amalemba kalata yopempha kupuma. Wansembe asanadzozedwe amaphunzira zaka zambiri akuonedwa khalidwe, monga amachitira pa seminale ya St Peter's kuno ku Zomba. Bambo mfumu amatumizidwa ndi episkopi ndipo amasamutsidwa, komanso malamulo a mpingo amati parishi iliyonse ikhale ndi komiti ya zachuma ya akhristu eniake.

Koma ndinene zoona pamaso pa Mulungu. Zonsezi zinalipo pamene ana ankachitidwa nkhanza ndi ansembe ena ku Ireland, ku America, ku Chile ndi kwina, maepiskopi ena n'kumangowasamutsa olakwawo kuti dzina la mpingo lisaipe. Oyang'anira analipo, koma ankatchinjiriza anzawo. Zinaululika chifukwa ovulazidwawo, makolo awo ndi atolankhani anakana kukhala chete. Mu 2019 Papa Francis anakhazikitsa malamulo okakamiza ansembe ndi asisitere kunena nkhanza zotere kwa akuluakulu a mpingo, ndi ofufuzira ngakhale maepiskopi amene abisa. Mtima umandiwawa ndikaganiza kuti zinatenga nthawi yaitali chonchi. N'chifukwa chake ndikuti musadikire kuti wapamwamba yekha ndiye adzakonze zinthu. Kawirikawiri amayambitsa ndi munthu wapansi ngati inu.

Ife achikulire a mu Zomba tikukumbuka 8 Malichi 1992, kalata ya maepiskopi itawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika, yonena za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za kusowa ufulu wolankhula. Inanenetsa kuti palibe munthu mmodzi amene ali ndi choonadi ndi nzeru zonse yekha. Ophunzira a ku Chancellor College anatuluka mumsewu kuikira kumbuyo maepiskopi, ndipo pa 14 Juni 1993 tinakavota pa riferendamu. Mpingo unatha kunena zimenezo m'nthawi ya Kamuzu, anthu akuopa kulankhula ngakhale m'nyumba zawo. Zimandipweteka kuona lero akhristu akuopa kufunsa m'busa wawo mmene tinkaopera boma lija.

Tsatani Mateyu 18:15-17. Pitani kwa abusa ndi mayi busa kunyumba kwawo, mutenge amayi awiri amene munawerenga nawo ndalama, kope lili m'manja. Muwauze zomwe mwatiuza panozi, kuti mukuona ngati anapanikizika ndipo mukufuna kuwathandiza kubweza pang'onopang'ono, dzina lawo lisaonongeke. Munthu wamanyazi akaona njira yotulukira nthawi zambiri amaitenga. Akakana, akulu onse a mpingo alembe kalata imodzi kwa atumwi, asaine onse, apemphe kuti abwere adzaone makope ndi kudzamva bambo wopala matabwa uja. Nkhani ya bamboyo musaiiwale m'kati mwa nkhani ya ndalama. Iye analipira poyamba chifukwa cha funso limene nonsenu munali nalo.

Achimwene a ku Matawale:

Za Malemba ndasiyira anzanga, ine ndinena za mapepala, chifukwa ndagwira ntchito ya ukalaliki nthawi yaitali ndipo ndaona mipingo ikugawanika pa nkhani ya malo. Mayi, chimene chandiopsa kwambiri m'nkhani yanu si malata, ndi kalata ya ploti. Abusa atati amwalire mawa, Mulungu aletse, malowo alowa m'chuma cha masiye cha banja lawo. Abale awo angathe kubwera kudzagulitsa ndi makoma omwe, inu osowa pogwira. Akaunti ya kubanki n'chimodzimodzi.

Mipingo imalembetsedwa ku boma pansi pa lamulo la Trustees Incorporation Act. Pamafunika malamulo olembedwa oyendetsera mpingo ndi maina a matrasti, anthu osankhidwa kusunga katundu wa mpingo. Ukalembetsedwa, mpingo umatha kukhala ndi malo ndi akaunti m'dzina lake. Funsani ngati wanu unalembetsedwa, ndipo ngati unatero, matrasti ake ndi ndani. M'timipingo tambiri mumapeza kuti ndi abusa, mayi busa ndi mlamu wawo. Mwinanso mupeza kuti mukuyendera setifiketi ya atumwi aja, ndiye kuti tsiku lina iwo anganene kuti tchalitchi n'chawo. Polemba malamulo a mpingo muikemo poyera mmene m'busa angachotsedwere, mmene mkulu angachotsedwere ndi kuti azimvedwa kaye, kuchuluka kwa ndalama zopita kwa woyang'anira ndi akaunti imene zizipita, nthawi imene azibwera kudzaona mabuku, komanso njira yoti mpingo uchokere pansi pake ngati sakuchita ntchito yake. Osainira akaunti akhale atatu, azisaina awiri, ndipo awiriwo asakhale a banja limodzi. Mukafuna abusa achikulire oti akhale pakati panu, mabungwe ngati Evangelical Association of Malawi angakulozereni, kungoti si khoti, sangakakamize munthu.

Malo ambiri m'madera ngati Chikanda amagulidwa amfumu akuchitira umboni. Pitani ndi akulu a mpingo kwa amfumuwo mboni zikadali moyo, zilembedwe kuti ndalama zogulira plotiyo zinali za mpingo. Kope lanu lijambuleni tsamba lililonse pa foni lero lomwe, mutumize kwa amayi awiri aja, ndipo mauthenga a ndalama zimene mwakhala mukutumiza ku Blantyre musafufute. Wina akati bweretsani kope abusa akalione, mupereke fotokope. Chakhumi cha mwezi uno musatumize mwa inu nokha. Dikirani akulu a mpingo akumane, alembe m'maminitsi kuti chitumizidwe ndi nambala imene chipite, inu mutenge pepala lanu la maminitsiwo.